Maseŵera Aŵiri, Foni Imodzi: Wachinyamata wa ku Bwanje Asankhe Ati?

Wachinyamata amene walemba mayeso a Fomu 4 ndi kubwerera kwao ku Golomoti, ku Mua kapena ku Mtakataka amapeza chinthu chimene sadakhale nacho pa zaka zinai zonse za ku sekondale, ndicho nthaŵi. Zotsatira za mayeso zimatenga miyezi, ntchito siioneka, ndipo ngati m'thumba muli foni yotha kuloŵa pa intaneti, sipapita masiku ambiri asanamve za maseŵera aja oseŵera anthu zikwizikwi nthaŵi imodzi m'dziko longopeka, m'mene muli mizinda, misika, mfiti, zimphona ndi zinjoka zolavula moto. Otchuka kwambiri mwa maseŵera otere, monga World of Warcraft ndi Final Fantasy XIV, amafuna kompyuta kapena makina ena odula pamodzi ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, motero mwana wa mlimi wa mpunga angoŵamvera mbiri. Mwa amene amatheka pa foni popanda kulipira poloŵa, aŵiri ndiwo oyenera kuŵalingalira: Old School RuneScape ndi Albion Online.

Akuluakulu ena adzati funso losankha pakati pa maseŵera nlachibwana. Sichoncho ai. Seŵero la mtundu umenewu silitha madzulo amodzi monga bawo wa pansi pa mtengo wa mango. Munthu amalenga kamunthu kake m'seŵeromo, nakalera kwa miyezi kapena zaka, ndipo zonse zimene kapeza sizisamutsika kunka ku seŵero lina. Wosankha akusankha kumene adzathire mabandulo ake, batire la foni yake ndi maola ake a usiku. Wofuna kugwira onse aŵiri akumbuke pusi uja adagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma, ichi chakoma.

RuneScape idayamba m'chaka cha 2001, yopangidwa ndi Andrew Gower ndi mbale wake Paul, ndipo mwini wake ndi kampani ya Jagex ya ku Cambridge, ku England. Seŵeroli litasinthidwa kwambiri, oseŵera akale adadandaula, ndipo m'chaka cha 2013 kampaniyo idaukitsa seŵero monga lidaliri m'chaka cha 2007, nkulitcha Old School RuneScape. Lidafika pa foni m'chaka cha 2018. Zithunzi zake nzachikale, timitengo ndi tianthu tooneka ngati tosema ndi mpeni wobuntha. Albion Online ndi yatsopano poyerekeza: idatuluka m'chaka cha 2017 kuchokera ku kampani ya Sandbox Interactive ya ku Berlin, idakhala yaulere poloŵa m'chaka cha 2019, nifika pa foni m'chaka cha 2021. Kukongola kwake nkoonekeratu, ndipo wongoyang'ana ndi maso adzaisankha asanaganize kaŵiri.

Albion ili ndi chokoma china choposa zithunzi, chimene mphunzitsi wa za malonda angachiyamikire. Pafupifupi chida chilichonse m'dziko limenelo, kaya lupanga, chipeŵa, nsapato, nchopangidwa ndi woseŵera wina, amenenso adagula chitsulo kapena chikopa kwa woseŵera mnzake amene adakachikumba kapena kuchisenda kuthengo. Mzinda uliwonse uli ndi msika wakewake. Katundu wotsika mtengo ku Martlock angathe kukhala wokwera ku Lymhurst kapena ku Caerleon, ndipo wofuna phindu ayenera kusenzetsa ng'ombe yake ya m'seŵero nkuyenda ulendo wonsewo. Mwana wa ku Bwanje safuna womufotokozera zimenezi. Adakula akuona mpunga wa Kilombero ukutuluka m'sikimu ija ya mahekitala pafupifupi 800 yomwa madzi a mtsinje wa Namikokwe, ukugulidwa pa mtengo wa kumunda, nkukwera phiri kudzera mseu wa Golomoti kukagulitsidwa pa mtengo wina ku Dedza ndi ku Lilongwe. Amadziŵa kuti phindu la mpunga limakhala pa mtunda wa pakati pa mlimi ndi wakudya, ndiponso kuti wodya phindulo kaŵirikaŵiri si mlimi. Albion imampatsa mwai woima mbali ya wogula uja, nalaŵa yekha kuŵerengera mtengo wa ulendo, msonkho wa pamsika ndi ngozi za panjira.

Ngozi za panjirazo ndizo gwero la vuto. Dziko la Albion lidagaŵidwa m'madera a mitundu: obiriŵira ngati thambo, achikasu, ofiira ndi akuda. M'madera ofiira ndi akuda, kumene kuli chuma chenicheni, woseŵera aliyense angathe kupha mnzake, ndipo wophedwayo amataya zonse zimene adavala ndi kunyamula. Eni seŵero amati pamenepo ndiye pali kukoma kwake, ndipo kwa wokhala ku Berlin mwina nzoona. Koma makompyuta aakulu osunga seŵeroli, otchedwa maseva, ali ku America, ku Singapore ndi ku Amsterdam, kumene adatsegulako m'chaka cha 2024. Chala chikagunda foni ku Mtakataka, uthenga uyenera kuoloka nyanja zamchere nkubwerako. Netiweki ikadzandira kamphindi kochepa, monga imachitira kumidzi mvula ikamagwa, mnyamata amapeza kamunthu kake kali gone, ng'ombe kulibe, katundu wa sabata yathunthu ali m'manja mwa mlendo amene sadampose nzeru koma adampose netiweki. Pa nkhondo zazikulu za magulu, pamene anthu ambirimbiri amaonekera pa galasi limodzi, foni yotsika mtengo imatentha ndi kuuma. Mpikisano wotere suli wolingana, ndipo palibe luso limene lingaukonze.

Chachiŵiri nchakuti Albion imakoma munthu akakhala m'gulu, ndipo magulu amamenyera malo awo pa maola oikika. Gulu limayembekeza munthu wake pa ola limenelo monga timu ya mpira iyembekezera goloyi. Ku Bwanje nyengo yookera mpunga siipempha chilolezo kwa munthu. Foni nayonso imagona kotchajitsa pa sitolo, pakuti ngakhale Golomoti ali ndi malo opangira magetsi a dzuŵa a mamegawati 20 amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022, magetsi amenewo amaloŵa m'nthambo za dziko lonse, ndipo nyumba zambiri za m'midzi yozungulira zikadaunikirabe tochi. Wosoŵa pa nkhondo kaŵiri katatu amatsala m'mbuyo, mwinanso gulu limamchotsa.

RuneScape, ndi kusakongola kwake konse, imayenda mwa mtundu wina. Zochitika zake zimaŵerengedwa m'timphindi ta masekondi 0.6, kotero kuchedwa pang'ono kwa netiweki sikuononga zambiri pa ntchito wamba monga kuŵedza, kudula mitengo, kukumba miyala, kuphika ndi kusula. Kuphana kwa oseŵera kudaikidwa makamaka m'dera limodzi lotchedwa Wilderness, ndipo munthu amaloŵamo mwa kufuna kwake ataona chenjezo. Akafera kunja kwa dera limenelo, katundu wake amamdikira pa manda kwa kanthaŵi kuti akamtenge. Angathe kusiya seŵero mwezi wathunthu chifukwa cha kumunda, nadzapeza zake zonse zili m'banki monga adazisiyira.

Koma chimene chiyenera kukopa mphunzitsi nchakuti RuneScape ndi seŵero loŵerenga. Muli ntchito zotumidwa zambirimbiri, iliyonse ndi nthano yake, ndipo woseŵera sangapite patsogolo asanaŵerenge ndi kumvetsa zimene anthu a m'seŵeromo akumuuza m'Chingerezi. Imodzi mwa ntchito zoyambirira ndi yothandiza wophika wa ku nyumba yachifumu ya Lumbridge kupeza dzira, mkaka ndi ufa. Nzoseketsa, komabe mwana amene ankaopa ndime ya mayeso a Chingerezi amapezeka ataŵerenga masamba angapo osakakamizidwa ndi munthu, ndipo nthabwala zake zachingelezi zimamphunzitsa kumva mau opinda. Nthano zotere si zachilendo kwa anthu a ku Mua, kumene malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher adaŵayambitsa m'chaka cha 1976, amasunga nkhope mazanamazana za gule wamkulu, iliyonse ndi khalidwe lake ndi phunziro lake. Kufananako kuthere pomwepo, chifukwa gule ndi mwambo wokhala ndi eni ake, pamene seŵero ndi malonda a kampani. Chinanso chosoŵa kwina nchakuti zinthu zatsopano zambiri sizimaloŵa m'seŵeroli oseŵera asanaziponyere voti ndi kuzivomera mwa unyinji waukulu.

Poika zonsezi pa sikelo, wachinyamata wa m'chigwa cha Bwanje, wa foni wamba ndi bandulo yoŵerengera, asankhe Old School RuneScape. Albion aisiyire wa m'tauni amene ali ndi kompyuta ndi intaneti yosadukiza.

Kusankha kumeneku sikutanthauza kuti RuneScape ilibe msampha. Msampha wake ngwachete, ndipo mwina ngwoopsa koposa wa Albion, pakuti suŵaŵa. Luso lililonse limakwera kufika pa mlingo wa 99, ndipo kuti munthu afikepo amafunika mapointi 13,034,431. Wofika pa mlingo wa 92 amayesa kuti watsala pang'ono, chonsecho ali pa theka chabe la ulendo. Maluso otere alipo opitirira makumi aŵiri. Amene adakonza masamu ameneŵa ankadziŵa bwino mtima wa munthu: poyamba mphotho zimabwera motsatizana, kenaka zimatalikirana, koma munthu atazoloŵera kale kuzidikira. Mnyamata angathe kudula mitengo yongopeka maola mazana pamene nkhuni zenizeni akukatola ndi mlongo wake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza m'chaka cha 2019 kuti kulephera kudziletsa pa maseŵera otere, mpaka kusiya sukulu, ntchito ndi abale, ndi matenda oyenera chithandizo.

Palinso nkhani ya ndalama. Gawo laulere la RuneScape nlochepa. Maluso ena ndi madera ambiri ngotsekera olipira. Kulipirako kumafuna khadi ya ku banki ndi ndalama zakunja, zimene zidakweranso mtengo kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Njira ina ilipo, yogula umembala wa masiku 14 ndi golide wa m'seŵero momwemo, koma golideyo ngwa mamiliyoni ambiri, ndipo woyamba kumene amene athamangira zimenezi amasanduka waganyu wa seŵero lake lomwe. Bwino kukhala pa gawo laulere kufikira litatha kukoma.

Ena adzamva mbiri ya ku Venezuela, kumene ndalama ya dzikolo itatha mphamvu anthu ambiri ankapha zinjoka za mu RuneScape usana ndi usiku nkumagulitsa golideyo kwa akunja kuti agule chakudya, mwakuti magetsi atazima m'dziko lonselo mu Malichi 2019 mitengo ya zinthu zina m'seŵeromo idagwedezeka. Mbiriyo njoona, koma si njira ya ntchito. Malamulo a Jagex amaletsa kugulitsa golide ndi ndalama zenizeni, ndipo wogwidwa amatsekeredwa akaunti pamodzi ndi thukuta lake lonse. Ogula nawonso ngosadziŵika, ndipo wolandira golide nkuthaŵa osalipira sangasumiridwe kwa mfumu iliyonse.

Mphunzitsi amene wapeza wophunzira wake wakale ali ŵeramu pa foni pa siteshoni ya Golomoti sapindula kanthu pomulalatira. Amufunse kuti akuseŵera liti mwa aŵiriŵa, bandulo ya sabata imamdyera zingati, ndipo ndani amaigula. Akayankha kuti ndi RuneScape, amuuze afotokoze m'Chingerezi nthano ya ntchito imene wangoimaliza. Akayankha kuti ndi Albion, amufunse mtengo wa chikopa ku Martlock ndi ku Caerleon, kenaka amufunse mtengo wa thumba la mpunga ku Bwanje ndi ku Lilongwe sabata yomweyo.