Magudumu a boron: ulemu upite kwa Wang ndi Boldyrev

Wophunzira chemistry aliyense, kaya pa National University of Science and Technology kuno ku Bulawayo kaya ku Zomba, anajambulapo benzene: maatomu 6 a kaboni ogwirana manja mozungulira. Mu 1931 Erich Hückel anafotokoza chimene chimalimbitsa mkombero umenewu. Ma electron 6 sakhala a atomu imodzi, amayendayenda mkombero wonse. Khalidweli amalitcha aromaticity, dzina lochokera ku fungo, ngakhale nkhani yake ndi ya kulimba osati kununkhira.

Tikuyamikira Lai-Sheng Wang wa ku Brown University ndi Alexander Boldyrev, amene anali ku Utah State University, chifukwa anaonetsa, pang'onopang'ono ndiponso mosadzitama, kuti boron nayenso ali nalo khalidweli.

Boron ndi mmphawi. Ali ndi ma electron 3 okha ogwirira anzake, pomwe kaboni ali ndi 4. Choncho maatomu ake amasonkha zochepa zomwezo n'kudyera m'mbale imodzi. Mu 2011 magulu a akatswiri awiriwa anapeza atomu ya cobalt itakhala pakati pa maatomu 8 a boron, zonse zili phwatalala ngati gudumu la njinga, chitsulocho chili ngati habu. Ma electron 6 amazungulira m'kati mwa gudumulo, ena 6 pamwamba ndi pansi pake, ndiye kuti gudumu limodzi lalimba kawiri. Chaka chotsatira anapeza tantalum atazingidwa ndi maatomu 10. Ndi tantalum yemwe uja makolo athu ankakumba pamodzi ndi tin ku Kamativi mgodi usanatsekedwe mu 1994. Mu 2015 kunatuluka ng'oma: mikombero iwiri ya maatomu 8, cobalt ali pakati.

Chimene tikuwayamikira kwambiri ndi kagwiridwe ka ntchito. Wang ankasandutsa boron ndi chitsulo kukhala nthunzi ndi laser, n'kuyeza mphamvu yofunika kuchotsa electron. Boldyrev ankawerengera pa kompyuta maonekedwe onse amene maatomuwo angakhale nawo, n'kuona mmene ma electron amagwirizanitsira maatomuwo pogwiritsa ntchito njira ya AdNDP imene anakonza ndi Dmitry Zubarev mu 2008. Chithunzi chinkavomerezedwa pokhapokha muyezo ndi masamu zikagwirizana. Wina akathamanga, mnzake ankamubweza.

Tisawonjezere nkhani. Timagudumu timeneti timakhala kanthawi kochepa m'makina opopedwa mpweya, ndipo palibe amene angatitungire m'botolo kukagulitsa. Mlimi wa fodya amene amadziwa boron ngati chakudya cha mbewu sanapindulepo kanthu. Komabe mu 2014 Wang ndi anzake ataona maatomu 36 a boron atayala ndi chibowo cha ngodya 6 pakati, ananena kuti boron angathe kuyalidwa ngati mphasa yopyapyala kufika atomu imodzi, ndipo anaitcha borophene. Mu 2015 ofufuza a ku Argonne National Laboratory ndi Northwestern University anaiyaladi pamwamba pa siliva.