Botolo la Mankhwala Silifunsa Kuti Wagona ndi Yani

Anzanga a pasukulu pano, pamodzi ndi inu aphunzitsi athu, dziko lathu liri ndi manja awiri amene sakumvana. Ndi dzanja lamanja boma limapereka ma ARV aulere kwa aliyense, monga lakhala likuchitira kuyambira 2004. Ndi dzanja lamanzere boma lomwelo likusunga Gawo 153 la malamulo a milandu, limene limati mwamuna wogona ndi mwamuna mnzake akhoza kukaseweza zaka 14, ndi Gawo 156 la zaka 5. Dzanja lina likuti bwera udzalandire moyo, linalo likuti ukangodziwika tikumanga. Tsono tikudabwiranji munthu akatenga botolo loyamba nkusabweranso?

Ndikudziwa chimene ena mwanena kale mumtima: izi nza m'tauni, za Azungu ndi mabungwe awo. Ine kwathu nkwa Kanyenda ku Nkhotakota, kumene kuli minda ya nzimbe ya Dwangwa ndi madoko a asodzi, ndipo ndikuti amuna ogonana ndi amuna anzawo aliko, monga aliri kulikonse kumene kuli anthu. Mawu oti mathanyula, amene timawaponya ngati mwala, sadabwere ndi mabungwe a dzana lino. Agogo athu opita ku Joni pa Wenela ankawadziwa. Chimene chidabwera ndi Azungu ndi Gawo 153 lomwelo, lochokera m'malamulo a Nyasaland a 1930. Eniake ku England adalitaya mu 1967. Anansi athu a ku Mozambique adachotsa lawo mu 2015, a ku Botswana mu 2019. Ife tikulipukuta fumbi ngati mpando wa makolo.

Taganizani m'mene tsiku lolandira mankhwala limakhalira kumudzi. Mzere ndi umodzi, khonde ndi limodzi. Wotsogolo kwako ndi mayi amene amagulitsa usipa pamodzi ndi azakhali ako, wolemba maina amaimba kwaya ndi mkazi wako. Aliyense wokhala ndi kachirombo amaudziwa mtolo umenewu. Koma mwamuna amene ndikumukambayu wasenza mitolo iwiri. Akadwala matenda opatsirana pogonana amene atulukira kumbuyo, kuti aonetse dokotala ndiye kuti waulula mlandu wa zaka 14. Lipoti la Human Rights Watch la 2018 lidalemba madandaulo a anthu otere m'Malawi muno: kunyozedwa, kuululidwa ndi kusalidwa pamalo pamene adapita kukafuna chithandizo. Munthu woti wasekedwa kamodzi sabwerera kukasekedwa kachiwiri. Amakagula makapisozi pa okala, tsiku lake lolandira ma ARV nkudutsa.

Tsono kachirombo sikadziwa manyazi. Piritsi limene ambiri akumwa kuyambira 2019, lija liri ndi dolutegravir, limagwira ntchito likamamwedwa tsiku ndi tsiku. Munthu akasiya, tizirombo timachulukanso m'magazi pa masabata ochepa chabe. Akamamwa modumphadumpha, timapeza mpata wozolowera mankhwalawo. Chitetezo chikatsika, chifuwa chachikulu ndi matenda oumitsa khosi zimalowa, ndipo amabwera naye pa machira ku chipatala chomwe ankachithawa chija. Akulu adati ukabisa matenda maliro tidzamva. Koma tisanamudzudzule wobisayo, tidzifunse kuti adamuphunzitsa kubisa ndani.

Mwina mukuti zimenezo nzake, adziwa yekha. Ai ndithu. Kafukufuku wa 2008 pakati pa amuna otere pafupifupi 200 m'dziko muno adapeza kuti 21 mwa 100 alionse adali ndi kachirombo, ndipo pafupifupi onsewo sankadziwa. Ambiri mwa iwo ankagonanso ndi akazi. Nanga nkulekeranji, poti kwathu kuno mnyamata akafika zaka 30 asadakwatire, amalume ake amayamba kumuitanira pambali? Timamukakamiza kukwatira, nkumutsekeranso khomo la chipatala. Wotsala pakati ndi mlongo wako, amene sadapalamule kanthu, ndi khanda limene liri kubere.

Pamene mankhwala akumwedwa bwino, nkhani imatembenuka. Kafukufuku wa PARTNER2 wa ku Ulaya, amene zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2019, adatsata amuna okhala awiriawiri, wina ali ndi kachirombo wina alibe. Adagonana popanda kondomu nthawi zoposa 76,000, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adatengera kachirombo kwa mnzake amene tizirombo tidali titatsika mpaka kusaoneka m'magazi. Uthenga womwewo ndi umene timaumva kuno woti tizirombo tochepa ndi thanzi. Choncho ngakhale iwe amene umadana naye munthuyu, chimene chingateteze mudzi wako nchakuti asadumphe ndi tsiku limodzi lomwe. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Timanyadira, ndipo mpoyenera, kuti kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse okhala ndi kachirombo, 88 ankadziwa, ndipo mwa amene ankamwa mankhwala, 97 mwa 100 adali ndi tizirombo tochepa. Koma otsalawo ndani? Ena mwa iwo ndi omwe timawapirikitsa ndi pakamwa pathu.

Atsogoleri athu pa nkhaniyi akhala ngati nanzikambe. Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adamangidwa mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre, nagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, kenaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira pamene Ban Ki-moon adali m'dziko muno. Mu 2012 boma lidati laimitsa kumanga anthu pa milandu yotere. Mu 2016 Bwalo Lalikulu ku Mzuzu lidaimitsa kuimitsako. Mu Julayi 2023 mipingo idaguba m'misewu, ndipo mu Juni 2024 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko lidakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, nkusiya magawo aja momwe adaliri. Kodi msodzi wa ku Ngala amene wamva zonsezi pa wailesi angatsimikize bwanji kuti chimene wanena m'chipinda cha dokotala sichikafika ku polisi?

Sindikupempha m'busa kapena shehe kuti asinthe ulaliki wake. Chikhulupiriro nchawo. Ndikungoti guwa ndi guwa, chipatala ndi chipatala. Namwino sadalembedwe ntchito yoweruza amoyo ndi akufa. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo ndipo limaletsa kuulula za magazi ake popanda chilolezo. Lamuloli silidapatule aliyense. Namwino amene amaitana anzake kuti adzaone chodabwitsa ndiye akuphwanya lamulo, ndipo ayenera kuyankha.

Njira zosungira anthu otere pa mankhwala zilipo, ndipo si zodula. Munthu amene akumwa bwino apatsidwe mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, monga zikuchitikira kale kwa ena, kuti aoneke pamzere kawiri kokha pachaka. Msodzi amene watsata usipa mpaka ku Nkhata Bay, kapena wodula nzimbe amene nyengo yake yatha, athe kulandira kumene wafika popanda kufunsidwa mafunso a pabwalo la milandu. Wodumpha tsiku aimbiridwe foni mwakachetechete, osati kumutumira munthu wa yunifomu pakhomo anansi akuonerera. Ndipo pakhale mnzake womudziwa, womwanso mankhwala, woti amukumbutse ndi kumuperekeza. Ntchito imeneyi bungwe la CEDEP ndi ena akhala akuigwira kwa zaka zambiri. Koma boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, malo ambiri othandizira anthu otere adatsekedwa. Pamenepa mpamene taonera kuti tidabwereka chifundo kwa alendo, ife eni mudzi tiri manja lende. Chipatala cha boma chilipo mpaka kale, mlendo amapita. Nchifukwa chake chipatala cha bomacho chiyenera kukhala malo oti munthu aliyense alowe osanjenjemera.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Anamwino, madokotala, oweruza milandu, aphunzitsi ndi aphungu a mawa akudya nsima mu kafeteriya muno lero. Nthabwala zimene timaseka patebulo ndi zomwezo tidzapita nazo ku wadi ndi ku khoti. Ndipo musaiwale kuti patebulo pomwepo pakhoza kukhala mnzathu amene botolo lake walikutira mu sokisi pansi pa sutikesi, akuseka nafe kuti tisamuganizire. Inu aphunzitsi a zaumoyo, mwawaphunzitsa ophunzira anu kufunsa wodwala za moyo wake wogonana nkhope isadachite tsinya? Inu a zamalamulo, mwawauza kuti bwalo lija lidasiya mpira m'manja mwa Nyumba ya Malamulo, ndipo kuti lamulo lopangidwa ndi anthu limachotsedwanso ndi anthu?

Gawo 153 lichoke. Podikira tsiku limenelo, wogwira ntchito pachipatala atseke chitseko, atseke pakamwa, apereke mankhwala. Amene akuti izi nzosemphana ndi chikhalidwe chathu andiuze kuti ndi mudzi uti wa Achewa kapena Atonga umene udayamba wamana wodwala phala chifukwa cha mbiri yake. Tsamba lino nlotseguka. Ayankhe.