Mlembi wabwino ndi chuma cha mudzi

Kuchokera ku Meluluca mpaka ku Cóbuè, anthu a m'boma la Lago amalankhula Chinyanja kapena Chiyao, koma kalata iliyonse yopita ku ofesi ya boma imalembedwa m'Chipwitikizi. Msodzi wofuna chilolezo, mlimi wofuna chikalata cha malo cha DUAT, onsewa ayenera kupereka kalata yopempha yotchedwa requerimento. Amene sadziwa kalembedwe kake amakapempha wina kuti amulembere, ndipo ikalakwika, ulendo wa ku Metangula umabwerezedwa.

Apa ndi pamene maphunziro a ulembi amaonekera phindu lake. Wophunzira ulembi amaphunzitsidwa kutaipa pa kompyuta, kulemba makalata a ntchito, kulemba acta ya msonkhano, kusunga mafayilo mwadongosolo ndi kulandira alendo mwaulemu. Amaphunzitsidwanso kusunga chinsinsi, pakuti mlembi amaona nkhani za anthu zimene siziyenera kufika pachitsime.

Maphunziro otere amapezeka ku Lichinga. Kumeneko kuli IFAPA, sukulu yophunzitsa kayendetsedwe ka ntchito za boma ndi za matauni. Kulinso IFPELAC, bungwe limene boma lidakhazikitsa mu 2016 kuti liziphunzitsa ntchito zosiyanasiyana pa miyezi yowerengeka. Asanagulitse mbuzi kapena ukonde, makolo ayambe akafunsa ku ofesi ya maphunziro ku Metangula za kalasi yofunika, malipiro ndi nthawi yolembetsa. Ngati sukulu si ya boma, afunsenso ngati ili yovomerezeka ndi ANEP, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito, chifukwa satifiketi yosadziwika ndi pepala chabe.

Komabe wina asanamizidwe kuti satifiketi ndiyo ntchito. Maofesi a m'boma lino ndi ochepa, ndipo ntchito ya boma imalowedwa pa mpikisano wa concurso, pomwe amafuna BI ndi NUIT. Nanga amene sanapeze mwayiwo maphunziro ake apita pachabe? Ayi ndithu.

Mu 2005 boma lidalamula kuti magawo 20 pa 100 alionse a msonkho wa nkhalango ndi nyama zakutchire azibwerera kwa anthu a m'dera. Koma ndalamazo sizingafike popanda komiti yolembetsedwa ndi akaunti ya ku banki. Komiti yotere imafuna mlembi. Chimodzimodzinso makomiti a asodzi otchedwa CCP, mabungwe a alimi ndi mipingo. Pamene palibe wolemba bwino, ndalama zimasokonekera ndipo abale amadana chifukwa palibe buku lochitira umboni.

Choncho makolo asanene kuti ulembi ndi wa atsikana okha kapena wa ana a m'tauni. Mnyamata wa ku Messumba kapena mtsikana wa ku Lunho amene amadziwa Chinyanja ndi Chipwitikizi ali kale ndi theka la ntchitoyi. M'mera mpoyamba: mwana alimbikire Chipwitikizi ndi masamu akadali kusukulu, zina zidzatsatira.