MUSTANG KAPENA CAMARO: WOGULA ASANKHE ITI?

Pali mikangano ina imene siitha ngakhale eni ake oyamba atamwalira. Umodzi mwa mikangano yotere ndi wa ku America, ndipo umakhudza galimoto ziwiri zaliwiro: Mustang ya kampani ya Ford, ndi Camaro ya Chevrolet, imene ndi nthambi ya General Motors. Zonse ndi za zitseko ziwiri, zotsika, zamphuno yaitali koma zazifupi kumbuyo, ndipo mipando yake yakumbuyo imayenera ana kapena zikwama osati munthu wamkulu. Munthu amene wasunga ndalama kwa zaka zambiri kuti agule imodzi amavutika mumtima, pakuti zonse ziwiri zimamukopa. Akale adati mapanga awiri avumbwitsa. Tsono ayenera kusankha, ndipo mbiri ya galimotozi imasonyeza kuti wanzeru angatenge Mustang, ngakhale kuti nthawi zambiri Camaro ndiyo imaposa pa liwiro.

Mustang idaonetsedwa koyamba pa 17 April, 1964, pa chionetsero chachikulu cha mumzinda wa New York. Dzinali ndi la akavalo am'tchire a ku America. Mtsogoleri wa ntchitoyi, Lee Iacocca, adachita zaukathyali ndithu: adatenga injini ndi zipangizo zam'munsi za Falcon, galimoto wamba ya banja, nazivundikira ndi thupi lokongola. Chifukwa cha ichi mtengo wake udayambira pa madola 2,368 okha, ndalama imene mphunzitsi kapena kalaliki akadatha kuipeza. M'miyezi 12 yoyamba adagulitsa galimoto zoposa 400,000, ndipo zaka ziwiri zisanakwane chiwerengero chidafika pa miliyoni imodzi.

A Chevrolet sadakhale duu. Mu September 1966 adatulutsa Camaro, ndipo atolankhani atafunsa tanthauzo la dzinali adayankhidwa mwanthabwala kuti ndi kanyama kolusa kamene kamadya akavalo a Ford. Kuchokera tsiku limenelo Camaro idakhala galimoto yobadwira nkhondo. Pa mipikisano ya Trans-Am idapambana mu 1968 ndi mu 1969 ikuyendetsedwa ndi Mark Donohue, ndipo Mustang idabwezera mu 1970 ndi Parnelli Jones.

Kunena zoona, wokonda Camaro ali ndi mfundo zolimba, ndipo nkulakwa kuzichepetsa. Kuyambira mu 2010 kufikira mu 2014 Camaro idagulidwa kwambiri ku America kuposa Mustang. Mtundu wake wotsiriza, umene udatuluka ngati wa 2016, udalandira ulemu wa galimoto yopambana ya chakacho kuchokera ku magazini ya Motor Trend. Camaro SS ya nthawi imeneyo idali ndi injini ya masilinda 8 ya malita 6.2, yamphamvu yoyezedwa ngati ya akavalo 455, pamene Mustang GT ya malita 5.0 idali ndi 435. Akatswiri ambiri oyesa galimoto adaitamanda chifukwa chogwira msewu pokhota. Munthu amene cholinga chake nkuzungulira bwalo la mpikisano Loweruka lililonse sangadandaule atagula Camaro.

Komatu mpikisano umatha madzulo a tsiku limodzi, pamene mwini galimoto amakhala nayo zaka zambirimbiri. Amapita nayo kuntchito, kumsika, kuukwati ndi kumaliro. Apa ndi pamene chikomekome cha mkuyu chimaonekera. Okonza Camaro yotsirizayi adatsitsa denga ndi kuchepetsa mawindo kuti ioneke yoopsa, kotero kuti woyendetsa amakhala ngati ali m'dzenje, osaona bwino kumbali kapena kumbuyo. Dandaulo limeneli lidamveka kwa oiyesa ndi kwa eni ake omwe. Buti yake ndi yaing'ono, ndipo pakamwa pake mpopapatiza, mwakuti sutikesi yaikulu imalowa movutikira. Mustang ya zaka zomwezo ili ndi mawindo otakasuka ndi buti yokulirapo. Zinthu izi sizilembedwa ndi zilembo zazikulu m'mapepala otsatsa malonda, koma ndizo zimene mwini amakumana nazo m'mawa uliwonse potuluka pageti, makamaka ngati pali ana akusewera pabwalo.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti Mustang idadziwa kupindika nthawi ya mavuto. Mu 1973 maiko a Aluya adachepetsa mafuta opita ku America, petulo nasowa, mitengo nikwera. Nthawi yomweyo Ford idali itangotulutsa Mustang II, galimoto yaing'ono yochokera ku Pinto, imene m'chaka chake choyamba idalibe ngakhale injini ya masilinda 8. Okonda liwiro amaiseka kufikira lero. Koma anthu wamba adaigula, zoposa 380,000 za mtundu wa 1974 wokha, ndipo dzina la Mustang lidapulumuka. Chiyambire 1964 fakitale sidalekepo kuipanga, ndipo mu August 2018 idatulutsa Mustang ya nambala 10 miliyoni.

Camaro idayenda njira ina. Mu 2002 General Motors idaleka kuipanga chifukwa malonda adatsika, ndipo fakitale yake ya ku Quebec, m'dziko la Canada, idatsekedwa. Idabweranso mu 2009, koma mu December 2023 yotsiriza idatuluka m'fakitale ya ku Lansing, m'chigawo cha Michigan. Wina anganene kuti izi ndi nkhani za eni makampani, zosakhudza wogula. Ai ndithu, zimamukhudza. Galimoto imene ikupangidwabe imakhala ndi ogulitsa amene amasunga zipangizo zake, ndi amakaniko amene amaphunzitsidwabe za iyo. Nzoona kuti injini ya Camaro ndi ya banja limodzi ndi injini za galimoto zina zambiri za General Motors, ndipo zipangizo zake sizidzasowa msanga. Koma galimoto si injini yokha. Nyali ikasweka, chitseko chikapindika, galasi lakutsogolo likang'aluka, mwini wa galimoto yolekedwa amayamba kufunafuna, ndipo chaka chilichonse kufunako kumakula pamodzi ndi mtengo wake.

Mfundo yachitatu imakhudza anthu a maiko oyenda kumanzere kwa msewu, monga Britain, South Africa, Zambia ndi Malawi. Mu 2015 Ford idayamba kupanga Mustang ya chiwongolero chakumanja pa fakitale yake ya ku Flat Rock, ndipo galimotozi zidagulitsidwa ku Britain, ku Australia ndi ku South Africa. General Motors sidachite chimodzimodzi ndi Camaro za m'zaka zimenezi. Zochepa zimene zidagulitsidwa ku Australia zidachita kusinthidwa chiwongolero zitafika kale kumeneko. Woyendetsa galimoto ya chiwongolero chakumanzere pa msewu wakumanzere amakhala m'mbali mwa msewu, ndipo akafuna kupitirira lole yomwe ili patsogolo amayenera kutulutsa theka la galimoto asanaone chimene chikubwera. Akaphatikizapo mawindo aang'ono ndi mphamvu za akavalo 455, ndiye kuti waika moyo wake ndi wa anzake pa chiswe. Pamenepa nkhani yaleka kukhala ya ulemu wa dzina. Yasanduka ya kufika kunyumba wamoyo.

Izi sizitanthauza kuti Mustang ilibe zilema. Kwa zaka zambiri mawilo ake akumbuyo adali olumikizidwa ndi chitsulo chimodzi monga a ngolo, kotero kuti inkadumphadumpha pa msewu wa mabampu, ndipo Ford idasiyiratu kapangidwe kameneka ndi mtundu wa 2015. Ya masilinda 8 imamwa petulo mosanyengerera, ndipo matayala ake ndi okwera mtengo. Ndiponso mphamvu zake zapweteka achinyamata ambiri amene adaponda moto asanaidziwe bwino. Wogula ayenera kuwerengera zonsezi asanatulutse ndalama, pakuti galimoto yotere siithera pa mtengo wogulira.

Nanga munthu uja woima pakati pa mapanga awiri achite chiyani? Asamvere phokoso la injini lokha, kapena anzake a pamowa amene sadzamuthandiza kulipira makaniko. Akhale pa mpando wa galimoto iliyonse, atembenuke, aone ngati akutha kuona mwana woima kumbuyo. Atsegule buti, ayesemo sutikesi yake. Afunse kumene nyali ndi galasi zimapezeka, mtengo wake, ndi masiku amene zimatenga kuti zifike. Aone mbali imene chiwongolero chili. Ngati atachita zonsezi mtima wake ukadali pa Camaro, aigule akudziwa chimene wasenza, ndipo palibe womuweruza, pakuti ndi galimoto yabwino. Koma amene akufuna galimoto yoti akalambe nayo, yoti makaniko aikonze ngakhale zaka 20 zitapita, apite ndi ndalama zake kwa wogulitsa Mustang.