Kunyezimira kwa dola ya 1895 kusakupusitseni

Anthu ambiri ogula ndalama zakale zasiliva amathamangira kunyezimira. Ine ndimati yambani mwafufuza chidindo chimene chinadinda ndalamayo.

Taonani dola ya Morgan ya 1895. Ku fakitale ya ndalama ya ku Philadelphia anadinda 880 zokha za mtundu wa proof, zija amazidinda mosamala ndi zidindo zopukutidwa mpaka pamalo opanda zolemba pamaoneka ngati kalilole. Mabuku a fakitaleyo amatchulanso zina 12,000 zogulira zinthu pamsika, koma palibe ndi imodzi yomwe imene yatsimikizika. N'chifukwa chake mtengo wa proof ndi woboola m'thumba, ndipo akathyali sagona tulo. Amatenga dola ya 1895 ya ku New Orleans kapena San Francisco, n'kupala kachilembo ka O kapena S kamene kali kumbuyo, kunsi kwa nkhata ya masamba, kenako n'kuipukuta.

Wodziwa zidindo sangagwe m'mbuna imeneyi. Masiku amenewo chaka ankachikhoma pa chidindo chilichonse pachokha, motero manambala sankakhala pamalo amodzimodzi. Zidindo za proof zinali zochepa, ndipo malo a nambala 1 ya chakacho poyerekeza ndi khosi la Liberty, mkazi wojambulidwa pa ndalamayo, komanso timano ta m'mphepete ndi odziwika. Zikasemphana, bwezani ndalamayo.

Ena amaseka kuti munthu wamkulu n'kumathera madzulo onse akusuzumira timizere pa kagalasi kokulitsa zinthu. Leroy Van Allen ndi George Mallis ankachita zomwezo, ndipo mpaka lero mitundu ya zidindo za Morgan imatchedwa VAM potengera mayina awo. Kabokosi kapulasitiki kamene kampani yoyesa ndalama imatsekeramo ndalama imene yaitsimikiza ndimakalemekeza, komatu nakonso akathyali amapanga kabodza.