Chisoti n'cha mutu, si cha apolisi

Aliyense woyenda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu wazionapo izi. Wakabaza akuthamanga, chisoti chili lende pa handulo ya njinga. Akangoona apolisi patsogolo amachivala msangamsanga, lamba wa pachibwano osamanga. Akadutsa, n'kuchivulanso. Tifunse poyera abale: kodi chisoti chimenechi chikuteteza mutu, kapena thumba?

Lamulo la pamsewu la 1997 silinabise mawu. Woyendetsa njinga yamoto akhale ndi laisensi, njingayo ilembetsedwe ndi kukhala ndi inshuwalansi, ndipo iye pamodzi ndi wokwera kumbuyo avale chisoti. Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO likuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Mawu ofunika apo ndi akuti "bwino". Chisoti chosamanga lamba chimayamba ndicho kuuluka, mutu n'kufika patala uli wokha. Nanga zipewa zapulasitiki za amisiri omanga nyumba zomwe ena amavala? Zija anazipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, osati munthu wogwa pa liwiro.

Njinga nayo ndi chimodzimodzi. Matayala osalala ngati chikhatho, mabuleki ogwira mochita kupempha, tcheni cholendewera, nyali yam'mbuyo inafa chaka chatha, magalasi oonera kumbuyo anachotsa kuti azilowa bwino pakati pa maminibasi. Zonsezi woyendetsa amazidziwa asanalize injini m'mawa. Wapolisi amaiona njingayo mphindi imodzi, iye amakhala nayo tsiku lonse. Akasenza mayi ndi mwana kumsana, kuonjezapo thumba la ufa, akudziwa kuti buleki siigwira, asadzatiuze kuti linali tsoka.

Komatu tisamunamizire yekha mnyamatayu. Ambiri njinga si zawo. Mwini wake, bwana wa taye ali mu ofesi, amangofuna ndalama yake madzulo alionse, za tayala latsopano safuna kumva. Ameneyu ngozi ikachitika dzina lake silimveka, wogona pa bedi ku Queens kapena ku Kamuzu Central ndi mwana wa eni. Mlandu wa njinga yowonongeka uzifikanso pakhomo pa mwini wake, ndipo wapolisi wolandira ya fanta n'kuilola kudutsa aziyankha nawo.

Ena akuti chisoti n'chodula, chimatentha, chimaononga tsitsi la amayi. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, wakabaza amayenda ndi zisoti ziwiri, chake ndi cha kasitomala, ndipo bizinesi sinafe.

Ife okwera ndiye timalimbana pa mtengo mpaka thukuta, koma sitifunsa chisoti. Mawa pa siteji, musanakhale pampando, yang'anani tayala, muuzeni agwire buleki muone ngati nyali yam'mbuyo ikuyaka, ndipo mufunse chisoti chanu. Akaseka, itanani wina. Ali pomwepo khumi akudikira.