Musanalipire fizi, kaoneni kaye wekishopu

Mkaka wa ku Palabana sudikira munthu. Ukakamidwa mbandakucha, umafunika kulowa m'thanki yoziziritsa mwamsanga, uzizire mpaka madigiri 4, apo ayi umasasa ndipo wogula amaukana. Mlimi wopalasa njinga ndi zigubu ziwiri kumbuyo akapeza thanki ili zii, amangogwira njakata. Funso la onse pamzerepo limakhala limodzi: kodi wokonza uja achoka liti ku Lusaka?

Kuchokera ku Chongwe kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45 basi, koma mkaka ukamasasa mtundawu umatalika. Ndipo si mkaka wokha. Mabutchala, alimi a nkhuku, amayi ogulitsa mafiriziti, zipatala zosunga katemera pakati pa madigiri 2 ndi 8, ngakhale bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lomwe lili m'boma lomweli, onsewa amadalira makina oziziritsa. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti ankatha kuzima maola oposa 20 patsiku, ndipo kubwera kwake kodzidzimutsa sikunkachitira chifundo makompresa. Mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza Giredi 12 n'kuganiza zophunzira ntchito yokonza makina oziziritsa waona patali. Nkhani yagona pa kumene akaiphunzirire.

Poyambira ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti lizilembetsa ndi kuyang'anira masukulu a ntchito zamanja mu Zambia. Koleji imene dzina lake silili m'kaundula wa bungweli ikhoza kukhala ndi chikwangwani chokongola pamsewu, koma pepala lake silingamufikitse mwana patali. Nayo basale ya thumba la chitukuko la CDF, imene achinyamata amafunsira kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, imapita kumasukulu ovomerezeka. Thumba limeneli linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, choncho kusowa ndalama si khoma lalitali ngati kale.

Komabe kaundula sanena zonse. Kholo lokonda mwana wake likwere minibasi, likaone ndi maso.

Wekishopu yeniyeni imadziwika munthu akangolowa. Mumamveka fungo la mafuta a kompresa, patebulo pali mapaipi a kopa odulidwa ndi kupindidwa ndi ophunzira, ena okhota molakwika, pakona pali firiji yong'ambidwa kumbuyo. Payenera kukhala mageji oyezera mphamvu ya gasi, pampu yokoka mpweya m'mapaipi, sikelo, makina obwezera gasi m'botolo ndi tochi yowotcherera. Zida zikakhala zonyezimira, zotsekeredwa m'kabati kuti alendo aziona, pamenepo pali vuto. Afunseni ophunzira omwewo, osati a muofesi, kuti pasabata amagwira zida kangati, komanso kuti anzawo a chaka chatha anakachitira kuti atachimenti.

Chifukwa chake n'chakuti Chongwe ili nawo kale anthu ongothira gasi. Mayi wa golosale amalipira, firiji n'kuzizira milungu itatu, kenako zakumwa zayambanso kufunda. “Amalume, gasi uja watha kale?” Amalume aja amabweranso ndi botolo, n'kulandiranso ndalama. Wophunzira bwino amadziwa kuti firiji siidya gasi monga galimoto imadyera petulo. Gasi akatha ndiye kuti penapake pabooka, ndipo ntchito ndi kufufuza kabowoko, ngakhale ndi thovu la sopo, kukatseka, kukoka mpweya ndi chinyezi chonse, kenako n'kuthira muyezo wolembedwa pachizindikiro cha firijiyo.

Gasiyonso akusintha, ndipo apa ndi pamene koleji yotsalira imaonekera poyera. Pangano la Montreal la 1987 linathetsa R12, amene ankawononga mpweya wa ozoni wotiteteza ku dzuwa. R22 wa m'maeyakoni akale naye ali panjira yotuluka, pomwe mgwirizano wa ku Kigali wa 2016 ukuchepetsa gulu la R134a chifukwa limatenthetsa dziko. Mafiriji ambiri atsopano a m'nyumba akubwera ndi R600a, ndipo a m'masitolo ena ndi R290. Awiriwa amayaka moto. Amathiridwa pang'ono, poyeza magalamu pasikelo, ndipo munthu woyatsa tochi papaipi yomwe idakali ndi gasi wotere akuika nkhope yake ndi nyumba ya mwini pachiswe. Mphunzitsi amene sangafotokoze zimenezi akukonzekeretsa ana ntchito ya zaka makumi awiri zapitazo. Bungwe la ZEMA ndi limene limayang'anira kagwiritsidwe ntchito ka magasi owononga ozoni, ndipo koleji yabwino imaphunzitsanso malamulo ake.

Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa maphunziro amenewa ndi Northern Technical College, NORTEC, ya ku Ndola. Kumeneko n'kutali, makilomita oposa 300, ndipo banja liyenera kuwerengeranso za malo ogona, chakudya ndi thiransipoti. Kuphunzira pafupi, mwana n'kumagona kwa azakhali ake ku Chelston, kumapulumutsa ndalama. Koma kusankha sukulu chifukwa choti ili pafupi, m'wekishopu muli mbee, n'kutaya zaka ziwiri.

Mbali ya magetsi isanyozedwe. Nthawi zambiri firiji imaima chifukwa cha rile, kapasita kapena themositati, zinthu zazing'ono zotchipa, osati kompresa. Masiku anonso mafamu ndi zipatala zakumudzi akutembenukira ku sola, ndiye wodziwa kulumikiza firiji ku mabatire ndi inveta sadzasowa womuitana.

Makolo a ku Kanakantapa, Chalimbana ndi Palabana, musanatulutse ngwee iliyonse, tengani mwanayo mupite naye limodzi kukolejiko. Pemphani satifiketi ya TEVETA muione, kenako muwauze akutsegulireni wekishopu.